Kodi pali kamakina kamodzi kosewerera magemu onse akale?

Funso: Wowerenga wina walandira katoni ya magemu akale kuchokera kwa m'bale wake wa ku Britain. Muli makatiriji akuluakulu a Game Boy, ena otuwa, ena akuda, ena oonekera mkati. Mulinso aafupi olembedwa Game Boy Advance, makhadi ang'onoang'ono a Nintendo DS ndi timadisiki tingapo ta PSP. Kamakina kosewerera mulibe. Akufuna kugula kamodzi kokha kam'manja, ndipo wogulitsa wina wamuuza kuti 3DS kapena Switch imadya zonse. Kodi n'zoona?

Yankho: Si zoona. Kaya wogulitsayo akufuna katundu atuluke msanga kapena iye mwini sakudziwa, musapereke ndalama musanasanje zimene zili m'katonimo. Nintendo sinapangepo kamakina kam'manja kolandira mitundu yonse mwatchulayi. Switch silandira ngakhale mtundu umodzi. 3DS imalandira makhadi a DS okha, makatiriji a Game Boy alibe polowa. Kuti zonse za Nintendo zigwire ntchito mufunika timakina tiwiri, ndipo timadisiki ta PSP ndi ta kampani ina, Sony, choncho tikufuna kachitatu.

Chifukwa chake chili mkati mwa makinawo. Gemu iliyonse inalembedwa kuti iziyendetsedwa ndi purosesa inayake, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa makinawo, ndipo purosesa ya mtundu wina siimva malangizo ake. Kwa zaka zambiri Nintendo inkathana ndi vutoli poika purosesa yakale mkati mwa makina atsopano. Zimenezi zimadya malo ndi ndalama, n'chifukwa chake pakapita nthawi yakaleyo inkachotsedwa.

Game Boy yoyamba, ya mu 1989, inali ndi purosesa ya Sharp yothamanga 4.19 MHz. Game Boy Color ya mu 1998 inasunga purosesa ya mtundu womwewo, kungoti imatha kuthamanga kuwirikiza kawiri, choncho magemu akale ankayenda popanda vuto. Game Boy Advance ya mu 2001 inabwera ndi purosesa ina, ARM7 ya 16.78 MHz, yosagwirizana n'komwe ndi ya Sharp, koma ya Sharp ija anaisiyamo pambali. Polowetsa katiriji pali kaswitchi kakang'ono. Katiriji yakale ikalowa imakakankha, makina n'kuyatsa purosesa yakale ndi kupereka magetsi a 5V. Katiriji ya Advance ili ndi mpata pamalo amenewo, siikagunda, ndiye makina amayatsa ARM7 n'kupereka 3.3V. Apa palibe pulogalamu yotsanzira, gemu yakale ikuyenda pa zipangizo zakezake.

Nintendo DS ya mu 2004 inabwereza njira yomweyo koma inasuntha malire. Ili ndi mapurosesa awiri, ARM9 ndi ARM7. Posewera gemu ya DS, ARM7 imasamalira mawu, Wi-Fi ndi sikirini yokhudza. Mukaika katiriji ya Advance kumunsi, ARM7 yomweyo imatenga gemu yonse. Purosesa ya Sharp mulibe, magetsi a 5V mulibe, ndipo polowetsapo anapaumba moti katiriji yotuwa singafike pamapini. Osakakamiza, mungothyola pulasitiki. DSi ya mu 2008 inachotseratu polowetsa pakumunsipo. 3DS ya mu 2011 inasunga zipangizo za DS, n'chifukwa chake imasewera makhadi a DS.

Tsono yambani ndi kusanja. Mtundu wa pulasitiki umanamiza, chifukwa Pokémon Red ndi yofiira, Blue ndi yabuluu, Yellow ndi yachikasu, koma zonsezi ndi za Game Boy wamba. Chodalirika ndi zilembo zing'onozing'ono za pa sitika. DMG ndi gemu ya Game Boy yoyamba, kuphatikizapo makatiriji akuda amene amaonetsa mitundu pa Color koma amayendanso pa yoyambayo. CGB ndi ya Color yokha, ndipo imakhala yoonekera mkati, yotukuka kumutu. AGB ndi ya Advance. NTR ndi khadi la DS, TWL ndi khadi la DS lokhala ndi zowonjezera za DSi, CTR ndi la 3DS. Kumapeto kwa zilembozo kumakhala dera, monga EUR, UKV, USA kapena JPN. Khadi la 3DS mungalidziwenso ndi kakhutu kotuluka pakona yakumtunda kumanja, komwe kanaikidwa dala kuti lisalowe mu DS. Ikani mulu uliwonse paokha n'kuwerenga, chifukwa mulu waukulu ndi umene usankhe kamakina koyamba kugula.

Ngati muli ndi ma DMG ndi ma CGB ambiri, gulani Game Boy Advance SP, yopinda ija ya mu 2003. Imasewera DMG, CGB ndi AGB, ndiye kuti milu itatu yatheka ndi kamakina kamodzi. Tembenuzani muone sitika yapansi. AGS-001 ili ndi nyali younikira sikirini chakutsogolo, ndipo mitundu imaoneka yofuwirira. AGS-101 ya mu 2005 imawala kuchokera kumbuyo kwa sikirini ndipo kusiyana kwake n'koonekeratu. Ku Ulaya inagulitsidwa yochepa, choncho mtengo wake umakhala wokwera. Kwa munthu wofuna kusewera tsiku ndi tsiku, ndalama yowonjezerayo siitayika. SP ilibe polowetsa mahedifoni, pamafunika kachingwe kapadera kolowa pa tchaja. Game Boy Advance yoyamba, yopingasa, imaseweranso mitundu itatuyi ndipo imagwiritsa ntchito mabatire awiri a AA omwe amatha kufika maola 15, koma ilibe nyali. Magetsi akathima usiku simuona kanthu. Chenjerani ndi Game Boy Micro ya mu 2005: dzina lake limakopa, koma imasewera AGB yokha.

Pali zinthu zingapo zimene zimadabwitsa anthu akaika katiriji yakale mu SP. Imatulukira kunja pafupifupi theka, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Chithunzi chimakhala pakati, m'mbali muli mdima, chifukwa Game Boy inali ndi timadontho 160 ndi 144 pomwe Advance ili ndi 240 ndi 160. Batani la L limatambasula chithunzi kuti chidzaze sikirini, la R limachibweza. Kutambasulako kumanenepetsa chilichonse, bola kusiya mdimawo. Magemu a DMG amapatsidwa mitundu ndi makinawo. Ngati simukuikonda, pamene chizindikiro cha Game Boy chikuoneka poyatsa, dinani mbali imodzi ya batani la mtanda, lokha kapena pamodzi ndi A kapena B. Pali mitundu 12 yosankha, ndipo kumanzere pamodzi ndi B kumapereka yotuwa yofanana ndi Game Boy Pocket. Katiriji imalowa kumunsi pa SP, osati kumtunda, choncho Kirby Tilt 'n' Tumble, yomwe ili ndi kachipangizo komva kupendekeka, imayenda chobwerera.

Za makhadi a DS, mpikisano uli pakati pa DS Lite ya mu 2006 ndi 3DS. Ngati ma DMG ndi ma CGB ndi awiri kapena atatu okha ndipo simukuwafuna kwenikweni, DS Lite payokha ikukwanirani, chifukwa imasewera NTR kumtunda ndi AGB kumunsi. Magemu a Advance amaoneka bwino kwambiri pa iyo: sikirini yake ndi ya 256 ndi 192, chithunzi cha Advance chimakwanamo popanda kutambasula, n'kutsala kamzere kakuda kuzungulira. M'masetin'gi mungasankhe ngati gemuyo izionekera pa sikirini yakumtunda kapena yakumunsi. Chimene mumataya ndi kusewera awiri. DS ilibe polowetsa chingwe cholumikizira ma Game Boy, ndiye kusinthana ma Pokémon mu Ruby, Sapphire kapena Emerald sikutheka. Pogula yogwiritsidwa kale ntchito, yang'anani popindira pake chifukwa pamakonda kung'aluka, ndipo dinani L ndi R kangapo, popeza fumbi limayamba kupha mabatani amenewa.

3DS ndi yabwino ngati mukuganiza zodzagulanso magemu ake, koma magemu a DS samaoneka akuthwa pa iyo. Makinawo amakulitsa chithunzi kuchoka pa 256 ndi 192 kufika pa 320 ndi 240, ndipo poti kukulitsako si kowirikiza ndendende, zilembo zimaoneka ngati zapakidwa mafuta. Mankhwala ake ndi awa: gwirani START kapena SELECT pamene mukutsegula gemu, osasiya mpaka itayamba. Chithunzi chidzachepa koma chidzakhala chakuthwa. Gemu ya DS ikamayenda simungaiimike n'kupita ku HOME ngati mmene zimakhalira ndi ya 3DS, muyenera kuitseka, choncho sevani kaye. Chilichonse chimene chinkadalira polowetsa pakumunsi sichigwira pa DSi ndi pa 3DS. Guitar Hero: On Tour inkabwera ndi chogwirira cha mabatani cholowa pamenepo, ndipo popanda icho gemuyo siseweredwa. Kusamutsa ma Pokémon kuchokera ku katiriji ya Advance kupita ku Diamond kapena Pearl kumafunanso DS kapena DS Lite. 2DS ya mu 2013, yosapinda, imasewera makhadi omwewo. Mu The Legend of Zelda: Phantom Hourglass muli pena pofuna kuti mutseke makinawo kuti mapu awiri agundane, ndipo pa 2DS mumangosuntha kaswitchi kogoneka makina komwe kali kumunsi.

Nkhani ya madera imagwetsa ambiri. Makatiriji a Game Boy ndi a Advance alibe loko, ya ku Japan imayenda pa makina a ku Britain. Makhadi a NTR ogulitsidwa ku Ulaya, America ndi Japan nawonso alibe. Loko inayamba ndi DSi: khadi la TWL, monga Pokémon Black ndi White za ku Japan, limayenda pa DS Lite iliyonse, koma pa DSi ndi 3DS kawirikawiri limafuna makina a dera lake. Makhadi onse a 3DS ali ndi loko. Popeza katoni yanu yachokera ku Britain, 3DS yoyenera ndi ya dera la Ulaya, ndipo zogulitsidwa m'masitolo a ku South Africa zinali za dera lomweli. Kuti mutsimikize, tsegulani System Settings muone nambala imene ili pakona ya sikirini yakumtunda. Ikathera ndi E ndi ya Ulaya, U ndi ya America, J ndi ya Japan. Ya J ilinso ndi vuto lakuti zolemba zake zonse ndi za Chijapanizi ndipo palibe posinthira.

Wina angakuuzeni kuti pa 3DS mungagule magemu a Game Boy kudzera pa intaneti. Zinali choncho kale. Sitolo ya eShop ya 3DS inatsekedwa mu March 2023, ndipo kusewera pa intaneti kunatha mu April 2024. Kusewera magemu a DS pa intaneti kunatha kale mu May 2014. Chokhumudwitsa n'chakuti zipangizo za Advance zilimo mu 3DS: mu 2011 Nintendo inapereka magemu 10 a Advance kwa amene anagula 3DS mtengo usanatsike, ndipo ankayenda pa zipangizozo mwachindunji. Sanagulitsidwepo kwa anthu ena, ndipo polowetsa katiriji ya Advance panalibe.

Switch ya mu 2017 inadula chingwe chonsechi. Kuyambira mu February 2023 ili ndi magemu a Game Boy ndi a Advance, koma amabwera kudzera mu Nintendo Switch Online, yolipira pamwezi kapena pachaka, ndipo a Advance ali pa mlingo wokwera mtengo wa Expansion Pack. Amayenda ndi emulator, pulogalamu imene imatsanzira makina akale. Mumasewera okhawo amene Nintendo yasankha, makinawo ayenera kulumikizidwa pa intaneti kamodzi pa masiku 7 aliwonse, ndipo mukasiya kulipira magemuwo amatsekeka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo inu makatiriji muli nawo kale m'manja. Switch 2 ya mu June 2025 imalandira makhadi akeake ndi a Switch yoyamba basi. Ngakhale pamenepo njira yasintha: mulibe purosesa ya Switch yakale, makinawo amamasulira malangizo a gemu pamene ikuyenda, n'chifukwa chake Nintendo imasindikiza mndandanda wa magemu amene ali ndi mavuto. Ring Fit Adventure ndi 1-2-Switch zimafuna ma Joy-Con akale, zogwirira za mabatani za Switch yoyamba, ndipo memori khadi wamba ya microSD siisunga magemu pa Switch 2, pamafunika ya microSD Express.

Timadisiki ta PSP timatchedwa UMD ndipo timalowa mu PSP-1000, 2000, 3000 ndi E1000. PSP Go ya mu 2009 ilibe polowetsa disiki, PS Vita nayonso ilibe. Vita imasewera magemu a PSP ogulidwa pa intaneti okha, choncho disiki yanu siingakuthandizeni pamenepo. Magemu a UMD alibe loko ya dera, mafilimu a UMD ali nayo. Kuti museve pamafunika Memory Stick PRO Duo, kapena adaputala yoikamo microSD. Tsegulani kachitseko ka batire musanagule, chifukwa mabatire akale a PSP amafufuma mpaka kukankha chitsekocho. Ngati timadisikito ndi tiwiri tokha, ganizirani kawiri musanagulire makina apadera.

Kunja kwa Nintendo kuli Analogue Pocket ya mu 2021, yomwe imalandira DMG, CGB ndi AGB ndipo sikirini yake ndi yabwino kwambiri, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo siisewera DS. Timakina totchipa tolembedwa kuti tili ndi magemu masauzande timayenda ndi emulator ndi memori khadi, ndipo tambiri tilibe polowetsa katiriji n'komwe.

Tsopano za makatirijiwo, chifukwa akhala zaka zoposa 20 m'katoni ndipo ena sadzayaka ulendo woyamba. Chizindikiro choyamba ndi dzina la Nintendo limene limaoneka poyatsa. Makinawo amaliwerenga kuchokera mu katiriji n'kuliyerekeza ndi limene ali nalo. Likaoneka lophwanyikaphwanyika, mapini ndi akuda ndipo gemu siyamba. Likapanda kuoneka, katiriji sinawerengedwe n'komwe. Osauzira ndi pakamwa: gemu imayaka chifukwa mwaitulutsa n'kuibwezeretsa, koma chinyezi cha mpweya wanu chimatsala n'kuyambitsa dzimbiri. Tengani kathonje ka m'makutu, kanyowetseni pang'ono ndi isopropyl alcohol wa 90% kapena kuposa, womwe okonza mafoni amakhala nawo, ndipo pukutani mapini onse 32 mpaka thonje litasiya kuda. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti paume. Sipiriti wapepo wa m'magolosale ali ndi utoto ndi zina zimene zimatsalira, musamugwiritse ntchito. Sandipepa ndiye ayi, chifukwa golide wa pamapini ndi wopyapyala ndipo akachoka sabwerera. Ngati zakanikabe, tsegulani katirijiyo n'kupukuta mapini ndi labala yoyera ya pensulo. Ya Game Boy imafuna sikuludiraiva ya gamebit ya 3.8 mm, ya Advance imafuna ya mano atatu yooneka ngati Y.

Gemu ikamayaka koma n'kumaiwala pamene munafika, vuto ndi batire la mkati. Makatiriji ambiri a DMG ndi CGB amasunga sevu pa memori yofuna magetsi nthawi zonse, ndipo magetsiwo amachokera ku kabatire kozungulira ka 3V, kawirikawiri CR1616 kapena CR2025. Pokémon Gold, Silver ndi Crystal zili ndi wotchi yoyenda usana ndi usiku, choncho mabatire awo anatha kalekale kuposa a magemu ena. Kukula kwa batire kunalembedwa pa batire lomwelo. Gulani lokhala ndi timapiko tachitsulo towotcherera kale, ndipo onani mbali ya + ndi ya - musanachotse lakale. Wokonza mafoni aliyense wodziwa kuwotcherera angachite zimenezi m'mphindi zochepa, koma muuzeni asaike moto pa batire lenilenilo chifukwa likhoza kuphulika. Kumata batire wamba ndi tepi kumagwira masiku ochepa, katiriji ikagwa pansi sevu yonse yapita. Dziwaninso kuti mukangochotsa batire lakale, sevu imene inatsalamo imafufutika. Ngati m'bale wanuyo akufuna zimene anasewera ali mwana, pamafunika kachipangizo kokopera sevu pa kompyuta ntchitoyo isanayambe.

Magemu ambiri a Advance safuna batire posunga sevu. Ruby, Sapphire ndi Emerald zili ndi CR1616 koma ndi ya wotchi yokha. Zikalemba uthenga woti batire la mkati lauma, sevu yanu ili bwinobwino, zimene zaima ndi zinthu zodalira nthawi monga kukula kwa zipatso. Mukasintha batire wotchi imayambiranso pachiyambi, ndipo pa sevu yakale zinthuzo zikhoza kukhalabe zoima, pomwe pa gemu yoyambidwa kumene zimayenda. Makhadi a DS alibe batire la sevu. Makatiriji achinyengo a Advance ndi ochuluka, makamaka a Pokémon, ndipo ndi amene amataya sevu popanda chifukwa. Yeniyeni imakhala ndi manambala odindidwa molowa mkati pa sitika, amene amaoneka mukaipendeketsa pa kuwala, komanso dzina la Nintendo losindikizidwa pa bolodi pamwamba pa mapini.

Popita kukagula, nyamulani katiriji imodzi yopukutidwa ya mtundu uliwonse, ndipo yesani zonse ndalama zili m'thumba. Pa SP yesani DMG ndi AGB paokhapaokha. Ngati AGB ikuyaka koma DMG ikukana, kawirikawiri kaswitchi ka polowetsa kaja kauma kapena kadetsedwa, ndipo mtengo uyenera kutsika. Pa DS Lite yesani polowetsa ponse pawiri, ndipo m'masetin'gi tsegulani poyesera sikirini yokhudza kuti muone ngati makona onse akumva.

Tchaja muisamale kuposa zonse. SP ndi DS yoyamba zimagwiritsa ntchito tchaja imodzi, DS Lite ili ndi yakeyake, ndipo DSi, 3DS ndi 2DS zimabwerekana. Matchaja a Nintendo a ku America ndi ku Japan a makina amenewa ndi a magetsi a pakati pa 100V ndi 120V, pomwe m'nyumba za ku Malawi ndi ku Zambia muli 230V. Adaputala ya pulagi imangosintha mapini, siitsitsa magetsi, ndiye tchaja yotere imapsa ikangolowa pakhoma. Werengani pamene palembedwa INPUT musanailumikize. Ya ku Britain ndi ya 230V ndipo pulagi yake ya mapini atatu imalowa m'masoketi athu popanda adaputala. Ngati makinawo abwera opanda tchaja, gulani chingwe cha USB chokhala ndi mutu woyenera makinawo, n'kumachilumikiza ku tchaja ya foni ya 5V kapena ku power bank.